Tsiku Limene Bambo Anavulira Bokosi Chipewa

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Ife kuno tikudzuka.

Ndachedwa kukulemberani, musandikwiyire. Chikuikireni m'manda mvula yagwa n'kukata, chimanga takolola, ndipo nkhokwe yadzaza ngakhale munda umene anatipatsa kuno kumene anatisamutsira uli wamiyala. Mtedza wokha ndiwo unatikana. Mng'ono wanga Rute anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watengera mphuno yanu ndi ukali wanu womwe, moti bere likachedwa pang'ono mudzi wonse umadziwa.

Ine ndikadali pa ntchito ku Area 11, kwa bwana uja anabwera ndi ofesi yake kuchokera ku Zomba. Adona ake mpaka lero akudandaula fumbi la Lilongwe ngati ndinalibweretsa ndine. Ndikamayanika zovala kuseri ndimaona maofesi a ku Capital Hill, pomwe paja tinkatola nkhuni ine ndi inu, ndipo ndimakumbukira muja munkanenera kuti, “Boma lasamukira kwathu, ife tasamukira kuthengo.” Munkanena mukuseka, koma ine ndinkaona kuti zikukupwetekani.

Tsono nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya bambo. Mukudziwa kuti iwo kuno ndi akamwini. Anabwera kudzakukwatirani kuchokera kutsidya la Lingadzi, ndipo mwambo umati mkazi akamwalira, abale ake amasudzula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Mlongo wanu, malume athu a Lefani, ndiwo mwini mbumba, mawu otsiriza ndi awo. Anati kusudzula kudikire tikolole. Titakolola anati kudikire chisankho chidutse. Ine miyezi yonseyi mtima unali m'mwamba, chifukwa kwawo kwa bambo kulibenso wowaphikira. Azakhali anamwalira kale, nyumba yawo inagwa, ndipo makutu a bambo anagontha ndi makina ophwanya miyala aja ankagwirako ntchito pomanga maofesiwa. Munthu wotere mukamutula kwa yani?

Chisankhocho chinali cha phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Zaka zapitazi paja tinkangouzidwa dzina, koma ulendo uno anati tikaponye tokha voti. Chipani chinavomereza anthu awiri a dera lathu. Woyamba, musadabwe, ndi mlongo wanu yemweyo. Anapambana mayeso a Chingerezi amene ofuna uphungu amalemba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankagulitsa misomali ndi maloko ake ku msika wa ku tauni atavala tayi. Wachiwiri ndi msuweni wathu Yohane, mphunzitsi uja, mwana wa azakhali. Amayi, mwaona pamene bambo anapanikizika. Uku mlamu wawo amene akusunga malo awo ogona, uku mwana wa mlongo wawo amene anamulera okha ndi kumupititsa ku sukulu.

Kukopa anthu kunali koletsedwa, koma kuchezerana sikuletsedwa. Anthu ankabwera kwa malume m'mawa ndi masana, kumwa tiyi wa mkaka, n'kumati, “Aphungu athu, ife ndi inu basi.” Ena ankawaitana kuti olemekezeka chisankho chisanachitike n'komwe. Malume anafika pokasoketsa suti kwa telala wa pakhonde. Bambo okha ndiwo sanalonjeze aliyense. Ine ndinawakokera pambali n'kuwakuwira kukhutu kuti, “Bambo, m'chipindamo mukakhala nokha, palibe akaone. Kaponyeni kumene mtima ukufuna, mukatuluke chete.” Anagwedeza mutu, ine n'kumati andimva.

Tinakaponyera pa sukulu ya pulayimale. M'kalasi anatchingamo ndi nsalu, kuseri kwa nsaluyo anaika mabokosi awiri, lililonse ndi chithunzi cha mwini wake. Umalandira kapepala, n'kulowa wekha, n'kukaponya m'bokosi la amene wamufuna. Koma kalasiyo mazenera ake ndi njerwa zobowola, ndipo mzere unadutsa m'mbali mwa khoma lomwelo. Ine ndinali pambuyo pa bambo. Pambuyo panga panali akazi a malume.

Bambo analowa. Panapita kanthawi, kenaka tinamva kuwomba m'manja, kuja amawombera akafika pakhomo la eni. Ndinasuzumira pa kabowo, Mulungu andikhululukire, ndipo ndinawaona atavula chipewa, atanjuta kutsogolo kwa chithunzi cha malume. Kwa iwo kudutsa nkhope ya mlamu osapereka moni kukanakhala chipongwe, ngakhale ili yapapepala. Tsono munthu wogontha akamati akunong'ona, inu mukudziwa mmene zimamvekera.

“Zikomo alamu,” anatero. “Mwandisunga bwino zaka zonsezi, sindinagonepo ndi njala pakhomo panu. Koma pepani, kapepala n'kamodzi. Uyu ndi mwana wa mlongo wanga, mayi wake anandisiyira ine. Inenso ndine malume wa wina. Mundikhululukire.”

Mzere wonse unamva, mpaka wapolisi amene anaima pakhomo anatembenukira kumbali kubisa mano. Bambo anatuluka akuvala chipewa chawo, n'kundiyang'ana monyadira, kusonyeza kuti asunga chinsinsi monga ndinawauzira. Akazi a malume anangomanga chitenje chawo mwamphamvu. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Munkanena inu kuti, “Bambo anu alibe thumba losungira mawu,” ndipo tsiku limenelo ndinakukwiyirani pang'ono chifukwa chondisiyira ndekha munthu ameneyu. Za voti yanga musandifunse, ine thumba ndili nalo.

Atawerenga, Yohane ndiye anapambana, ndipo osati pang'ono. Akupita ku Zomba, poti aphungu akukumanabe komweko ngakhale maofesi anabwera kuno. Malume anakhala masiku atatu osatsegula pa msika. Tayi anavula. Alendo a tiyi aja anasowa onse ngati anachita kupangana. Tsiku lachinayi anatumiza mawu akuti kusudzula kuchitika Loweruka.

Amayi, sabata imeneyo ndinapsereza nyemba za adona kawiri. Ndinapempha tchuthi cha Loweruka, n'kuyenda wapansi kuchokera ku Area 11 ndikukonza mawu okawachonderera malume, koma onse anandithawa ndisanafike. Ndinapeza bambo atamanga kale katundu wawo: mphasa, khasu, nkhwangwa ndi Baibulo lanu lija lothothoka chikuto. Munthu wakhala pamudzi zaka zoposa zanga zakubadwa, katundu wake n'kukwana m'khwapa. Anali atachokera kumanda kwanu kukatsanzika. Ndinawafunsa chifukwa chake anachita zimenezi akudziwa chimene chikuwadikira. Anati, “Mwanawe, ndikanakagona bwanji m'nyumba yogula pogulitsa mwana wa mlongo wanga?” Ndinalira, osati pang'ono.

Tinakhala pabwalo pa malume, amuna pamipando, ife pamphasa. Ankhoswe a mbali zonse analipo. Mwambo unayenda monga umayendera: anathokoza bambo kuti anakudwazikani mpaka tsiku lomaliza, n'kuwauza kuti tsopano ndi omasuka, banja latha, palibe mlandu. Chinatsala n'chakuti mwini mbumba awatsegulire njira. Malume anaima. Aonda, amayi, mukanawamvera chisoni. Anayang'ana anthu mmodzimmodzi, ambiri a iwo omwe aja ankamwa tiyi, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pansi.

“Mudzi uno wonse unandiuza kuti wandiponyera,” anatero. “Ngakhale lero nditafunsa, aliyense pano ati anandiponyera. Koma bokosi langa ndinaliona ndi maso angawa, mwana akanalinyamula ndi dzanja limodzi. Amene anandikana ndi ambiri. Amene anandiuza pamaso ndi mmodzi, ndipo anayamba wavula chipewa.”

Bambo sankamva kalikonse. Ankangoyang'ana pakamwa pa mlamu wawo, dzanja lili pa mtolo, kudikira kuti awalozere njira. Malume anapita pomwe anakhalapo, n'kuwerama, n'kuwakuwira kukhutu mpaka nkhuku zinabalalika.

“Alamu! Ndakwiya nanu, ndipo ndikhala wokwiya mpaka dzinja. Koma munthu amene sanataye mwana wa mlongo wake pofuna pogona, ndi yemweyo ndingamusiyire ana a mlongo wanga. Masulani katunduyo.”

Bambo anatembenukira kwa ine. “Akuti chiyani?” Ndinangotenga mtolowo, n'kuyamba kumasula luzi ndi mano. Ataona mphasa ikutambasuka, anamvetsa. Anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo Rute anabwera n'kuwaika khanda pamiyendo.

Akazi a malume mpaka pano akuyankha moni wa bambo ndi mphuno, koma dzulo ndamva kuti anawatumizira mbatata, ati zinangotsala. Yohane anabwera kudzathokoza, ndipo bambo anamutuma kuti ayambe wakagwada kwa malume asanakwere basi ya ku Zomba. Anapita, phungu wathunthu, n'kukakhala pansi pakhonde. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma anatuluka atanyamula loko watsopano wa sutikesi yake.

Ndiye musadere nkhawa, amayi. Mwamuna wanu sanapite. Ali m'nyumba yanu yomweyo, akugona mbali yawo yomwe ija, mbali yanu anaisiya. Ndakusowani kwambiri, makamaka tsiku la pabwalo lija, pamene ndinatembenuka kuti ndikugwireni dzanja n'kupeza kuti ndagwira la Rute. Ndikulonjeza kuti ndiwasunga mpaka tsiku limene mudzawaitane. Tsikulo likadzafika abale awo adzabwera kudzapempha thupi, koma ndidzagwada kwa aliyense woyenera kumugwadira kufikira atalola kuti adzagone pafupi ndi inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Esinati