Tsabola wako sanapserere

Dubravka,

Usathamangire kukhitchini, fungoli si la tsabola wako. Yapsa ndi ampulifaya ya gitala, yakalekale ija ndinabwereka kwa a Ljubiša. Ndinaiyatsa ndisanalumikize chingwe cha sipika, ine ndi imvi zangazi, ndipo ampulifaya za mavalavu, timababu ta m'kati tija, sizikhululuka zimenezo. Pepa. Ndapita nayo kwa eni ake, akandikalipire kaye kenako aikonze.

Tsegula mawindo. Pa ampulifaya zitatu zomwe ndimayesa kuti ndisankhepo yogula, ziwiri zatsalazo zikubwerera kwawo. Yatsopano yotengera zakale ija abwera kudzaitenga wa kusitolo masana ano. Umupatse khofi, koma usamulole ayambe ulaliki wake woti zatsopano sizivuta. Yopangidwa pamanja ndi Predrag ndikapereka ndekha. Imalira mokoma kuposa zonse, ndiye akandikwiyira ndithu.

Ndikukumva kale: "Vukašin, nanga ku ukwati wa Loweruka ukaimba ndi chiyani, mluzu?" Mwina.

Koma dzulo ndikuyesa zitatu zonsezi, iwe uli kusenda tsabola, pali imodzi yokha imene inakuimbitsa. Sunadzimve n'komwe. Chimwalirireni amayi ako, ndinali ndisanakumvenso ukuimba.

Ndi yapsayi. Ndikugula imeneyo.

Vukašin