Chitsulo Chomva Nthaka m'Munda Mwanu

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno tilipo, kupatula maondo angawa amene ayamba kulira ngati chitseko cha tchalitchi. Apongozi anu a Nankhoma, mkazi wanga uja, akadali ndi mphamvu, makamaka pakamwa. Esinati, mwana wanga uja munamusiya akukwawa, wabereka kamtsikana kuchipatala ku Mitundu. Mphuno yake ndi yanu ndendende, moti tapepesa kale kwa mwanayo.

Koma nkhani yandikhazika pansi ndi ya chimanga chanu chamakolo, cholimba chija chosagaika pokonola. Chichokereni inu sindinaphonyepo kusunga mbewu. Chaka chino anankafumbwe anachitira ukwati m'thumba mwanga, ndipo titapeta ndi kusankha chabwino, chinangodzaza lichero limodzi. M'mudzi muno aliyense anathawira ku haibulidi, kopempha kulibe. Chikanakanika kumera chimenechi, mbewu yanu ikanathera pa ine.

Kuwerama ndi khasu sindithanso. Ndiye mkamwini wanga Yohane, mwamuna wa Esinati, wa ku Nathenje, amene amayendetsa thirakitala ya kalabu ya alimi, anati abzale ndi pulantala. Chimenechi ndi chitsulo chokokedwa kumbuyo kwa thirakitala, chimang'amba nthaka, kugwetsa mbewu n'kukwirira chokha. Musakwiye, Amayi, mizere anaisalaza yonse, munda uli tetete ngati bwalo la mpira.

Ine ndinakana kaye. Munda wanu mukuudziwa: kumtunda kuli katondo wa pachulu wouma ngati njerwa, kumunsi kodambo kuli mchenga woti phazi limalowa lokha. Inu munkabzala ndi chidendene, pachulu kupondereza, pamchenga kungosisita, mukuti, "Mbewu si maliro, osaikumbira manda." Nanga chitsulo chingadziwe zimenezo? Chikazamitsa, mbewu iwolera pansi. Chikaika pamwamba, nkhanga zithokoza. Inuyo tinakuzamitsani, ndipo onani, mpaka lero simunamere.

Yohane sanatsutse, ulemu ali nawo. Anangondiikira mpando pansi pa mango kuti ndionerere akukonza. Anayamba ndi kuyang'ana oyilo, pakuti mphamvu yonse yonyamulira ili mu oyilo woyenda m'mapaipi akuda, eti amatcha haidiroliki. Polumikiza mapaipi awiri anawasemphanitsa, ndiye akati tsika, pulantala ikwera. Akati kwera, itsika. Ndinamuuza kuti asavutike, chitsulocho n'chachibale ndi mkazi wanga. Atabwezera mapaipi m'malo mwake, anakweza ndi kutsitsa kambirimbiri kuti mpweya utuluke, mpaka chinasiya kunjenjemera.

Kenaka anachiimika pamalo osalala n'kuyamba kuchiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani: apa ndi pamwamba, apa ndi pansi, akudina kabokosi kagalasi konga foni. Pambali pa pulantala pali kagudumu kakang'ono koyenda panthaka. Kameneka ndiko kazitape. Nthaka ikakwera kapena chitsulo chikayamba kumira, kamanena kukabokosi, kabokosi n'kuuza oyilo, oyilo n'kukweza kapena kupondereza. Zonsezi munthu usanaphethire.

Anandifunsa kuti mbewu izame bwanji. Ndinamupatsa chala changa chamkombaphala, mfundo ziwiri, monga munandiphunzitsira ndi makofi apamutu. Mwana wa eni anayeza chalacho ndi tepi osaseka ngakhale pang'ono, n'kulemba m'kabokosi. Amayi, chala changa chokandira nsabwe chija lero chili m'makina.

Tinayesa kaye ndi chimanga chofumbwa. Ulendo woyamba chitsulo chinkamva msanga kwambiri, chikakumana ndi kachibuma n'kudumpha ngati chule. Yohane anachepetsa liwiro la oyilo, ndiye chinakhala chaulesi: chinkazindikira kuti chafika pamchenga chitamira kale. Anapotoza kotsegulira oyilo pang'onopang'ono, kutsika, kufukula, kukweranso, thukuta lili kamukamu, kufikira chinayamba kuyenda modekha ngati mayi wosenza ndowa yodzaza.

Mvula yobzalira itagwa, ndinanyamula lichero lija ndekha. Pothira m'pulantala nthabwala zonse zinandithawa. Thirakitala itanyamuka ndinaiwala za maondo. Ndinatsata m'mbuyo ndi ndodo yanga, kufukula apa ndi apo ngati nkhanga yokalamba. Pachulu ndinamva injini ikubuula, chitsulo chikupondereza. Ndinapisa chala, mfundo ziwiri. Pakati pa munda, mfundo ziwiri. Pamchenga ndinaona ndi maso angawa mikono ya thirakitala yonyamula pulantala ikudzikweza yokha pang'ono, Yohane manja onse ali pachiwongolero. Ndinagwada, kupisa chala, mfundo ziwiri.

Ndinakhala pansi pompo m'matope. Ine ndimayesa kuti kumva nthaka ndi mphatso imene Mulungu anaika m'mapazi mwa amayi okha. Koma pali anthu kwinakwake, oti munda wanu sanauonepo, amene anakhala pansi n'kuganiza kuti nthaka siifanana, n'kuphunzitsa oyilo kuchita ulemu pofewa ndi kulimba mtima pouma. Ndinavula chipewa. A Nankhoma anayesa ndakomoka, anabwera ndi madzi, ndipo atapeza ndili moyo anaoneka okhumudwa pang'ono.

Masiku otsatirawo chakudya sichinkatsika. Ndinkalawirira kumunda kukayang'ana dothi lopanda kanthu, anthu n'kumati mdala wayamba kuzungulira mutu. Ndiye m'mawa wina, mame ali mbuu, ndinapeza tinsonga tobiriwira tatuluka tonse pamodzi, kuchokera pachulu mpaka kudambo, ngati tinapangana. Palibe kotsalira, palibe kotsogola. Chibadwire sindinaone chimanga chikumera chotero, ngakhale chanu, pepani. Pano chafika m'maondo, ndipo anthu a haibulidi aja akumaima pamsewu.

Ndikulonjeza kuti chikacha ndidzasankha chonenepa n'kugawira nyumba iliyonse ya adzukulu anu, china kwa Yohane apite nacho ku Nathenje, kuti mbewu yanu isadzakhalenso m'manja mwa nkhalamba imodzi yoiwalaiwala. Muwapatse moni Abambo, ngati mukuyankhulana. Ine malo musandikonzere msanga, ndidye kaye mondokwa.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Fanuwelo