Ndege Yomva Koma Yosayankha

Lolemba, 9 Juni

Mawa ndiyambanso ntchito. Posita yunifomu ndakumbukira tsiku lathu lomaliza labwinobwino. Tinanyamuka limodzi m'mawa, akazi anga patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama chawo. Pageti la bwalo la ndege tinasiyana. Akazi anga anakwera masitepe a nsanja kukalankhula ndi ndege, ine ndinapita ku galimoto yanga yozimitsa moto. Masana anandiitana pa wailesi kuti ndikapirikitse agalu pamsewu wa ndege. Madzulo amvekere, "Pa wailesi pokha mpamene mumandimvera msanga. Ndigula ina yapakhomo." Anadandaula mutu pang'ono, anamwa mankhwala, tinagona. Kutacha sanathenso kulankhula. Mlungu sunathe, anatisiya.

Lachiwiri, 10 Juni

Pa wailesi pali mawu ena tsopano, a mayi amene malemu anawaphunzitsa ntchito. Sakulakwa chilichonse. Koma akangoti "Ozimitsa moto, nsanja," ndikungokumbukira malemu. Ndatsitsa voliyumu mpaka pansi. A Ndevu, amene timakhala awiri m'galimoto, aona. Angondithirira tiyi.

Lachinayi, 12 Juni

Abwera alamu, ang'ono awo a malemu. Nkhani ya zovala. Akuti, "Alamu, zovala sizilira maliro, zingothera njenjete." Ndati tidikire kaye.

Kuntchito nako akufuna ndikachotse katundu wa malemu m'kabati yawo ya pansanja. Masitepe amenewo sindinawapondebe.

Lachisanu, 13 Juni

Nsanja yatiitana m'mawa poyesa mawailesi, ine osamva. A Ndevu anali atatuluka. Abwana andiitanira pambali. Sanakalipe. Ati, "Tonse tikumva chisoni, bambo. Koma dalaivala wosamva nsanja ndi ngozi. Zikachitikanso mutsika galimoto, muzikapinda mapaipi kosungira katundu."

Anena zoona. Galimoto imeneyi ndi yokhayo yatsala yondidzutsa m'mawa.

Loweruka, 14 Juni

Ndatulutsa mbale ziwiri. Ina ndabwezera.

Lolemba, 16 Juni

Za lerozi ndilembe.

Masana kunali mvula, mitambo yotsika. A Ndevu anakweza okha voliyumu, osandiyang'ana. Ndiye tinamva mayi a pansanja akuitana ndege ya anthu imene inali pafupi kutera. Zii. Kuitananso, zii. Tinavala zipewa, ndinaliza injini.

Kenako anati, "Ngati mukundimva, khoterani kumanja." Tinadikira. Mvula yokha padenga la galimoto. Mawu anabweranso: "Ndakuonani pa makina athu, mwakhota. Mukundimva, kungoti simungandiyankhe. Ndizilankhula ndekha, inu muzingotsata."

Analankhuladi okha. Mphepo ikuchokera uku, tsikani pang'ono, msewu ndi wanu, ndege zina ndaziimitsa. Osathamanga, osakweza mawu. Kalankhulidwe kameneko ndikukadziwa kumene anakaphunzira. Koma mawu ankaduka-duka, kumveka phokoso ngati mafuta mu chiwaya. A Ndevu anati mahedifoni awo ndi akale aja omata ndi tepi.

Vuto lina linali loti wailesi ikafa sudziwa china chimene chafa nacho, ndipo woyendetsa sangakuuze. Pansanja samaona bwino chifukwa cha mvula. Ndinangomva, "Ozimitsa moto, nsanja. Ndaiuza idutse m'munsi osatera. Mundionere ngati matayala atuluka."

A Ndevu sanatole cholankhulira. Anangopinda manja.

Inatulukira m'mitambo, kudutsa pamwamba pathu, galimoto yonse kugwedezeka. Ndinayang'ana. Lapatsogolo lilipo, akumbuyo alipo. Ndinatola cholankhulira. "Nsanja, ozimitsa moto. Matayala onse atuluka."

"Zikomo, bambo," anatero. Pa wailesi sitinena bambo. Anaiwala.

Inazungulira, a pansanja anaiwalitsira nyali yobiriwira, inatera bwinobwino. Tinaitsata pambuyo mpaka inaima. Anthu anatsika akudandaula za mvula, ena akufunsa za zikwama zawo.

Pobwerera a Ndevu anati, "Ndege imeneyi ndi mbale wanu. Kumva imamva, koma kuyankha mpaka uipemphe." Ndinawauza kuti amete ndevuzo asanayambe kunyoza anthu.

Loweruka, 21 Juni

Alamu abwera ndi ana awo aakazi. Tatulutsa zonse pamphasa, agawana bwino popanda mkangano. Diresi yabuluu yamukwana mwana wawo wamkulu ngati anamuyeza. Ine ndasunga nsapato zimene zinali kuseri kwa chitseko. Zikhale pomwepo.

Lolemba, 23 Juni

Ndakwera masitepe. Ndi ambiri, ndipo malemu ankawakwera tsiku lililonse osadandaula. Pamwamba galimoto yanga imaoneka kang'onong'ono. Sindinkadziwa kuti ankandiona ndikagona pachiwongolero.

Mukabati munali juzi, kapu, mafuta odzola ndi mahedifoni awo abwino aja. Palibe anawakhudza. Mayi a pansanja aja anati, "Tinkaopa, bambo. Si athu."

Juzi ndi kapu ndaika m'jumbo. Mahedifoni ndawapatsa. Anakana kaye, ndinati ndege zizikumvani bwino. Anapukuta manja pasiketi, n'kuwavala. Anatsetsereka mpaka m'masaya.

"Koma amayi mutu anali nawo," anatero, kenako n'kugwira pakamwa.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pampando wa eni ake. Mayiwo anafupikitsa lamba wa mahedifoni, anayesa cholankhulira, ndipo ndege ya masana inaitana. Ndinatsala pomwepo mpaka inatera.