Zimene Ndaulula za Imfa ya Achimwene Yohane

Amayi, kodi kumene muliko kuli bwanji? Ine ndikulemba nditakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha opaleshoni kuno kuboma. Mundikhululukire zilembo.

Kwathu ku Kapichila chimanga sichinachite bwino, koma mtedza tinakolola. Mkazi wa Petulo, chitsiriza wanu uja, anabereka mwana wamkazi. Zina ndidzakuuzani mtima ukakhala pansi.

Tamara, mwana wanga, mdzukulu wanu amene munamusiya akukwawa, anagwa mumtengo wa mango Lolemba, mkono n'kuthyoka pachigongono. Adokotala anati fupa silingabwezedwe iye ali maso, ayenera kumugoneka ndi mankhwala.

Dzulo kunabwera bambo amene ntchito yawo ndi kugoneka odwala. Anandifunsa ngati pabanja pathu alipo amene anagonekedwapo n'kuona zovuta. Ndinati palibe. Amayi, ndinanama. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti, "Za Yohane zisatuluke pakamwa pako, amene anachita izi akadali moyo." Tonse tinkadziwa kuti mukunena azakhali a ku Chikomeni. Achimwene Yohane analowa m'chipinda ngati chomwechi akuseka, vuto lake laling'ono la m'mimba. Achipatala anatiuza kuti atangogona thupi linatentha, nsagwada zinauma, ndipo sanadzukenso. Inu munati munthu safa choncho popanda womuchita. Chiyambire pamenepo sitinapondenso pakhomo pa azakhali.

M'mawa uno Tamara anamugoneka pakabedi koyenda. Atandiyang'ana n'kuseka, ndinaona mpata wa mano womwe uja wa achimwene. Ndinathamangira bambo aja mpaka pachitseko n'kuwagwira malaya. Ndinanena zonse, ndi za azakhali zomwe. Ndinkayesa andikalipira. Iwo anaimitsa kabedi n'kunena kuti, "Amama, bwerezani za kutenthako, pang'onopang'ono."

Zimene anandifotokozera ndi izi, ngati ndamva bwino. Mankhwala ogonetsa si amodzi. Ulipo mpweya umene wodwala amapuma, ilipo jakisoni yofewetsa minofu, ndiye ena olowa mumtsempha. Mabanja ena thupi lawo limadana ndi mpweyawo komanso ndi jakisoni ina mwa zofewetsazo. Minofu m'malo mofewa imauma, thupi n'kutentha mpaka mtima kulephera. Ndipo zimayenda m'magazi, kholo kupatsira mwana. Anati sangalumbire kuti ndi zimene zinatenga achimwene, koma sangayesere pa mwana wanga.

Ndinafunsa kuti, kodi mpweyawo mumafuna kumupatsa? Anati inde.

Amayi, ndikanangokhala chete ngati mmene munandiuzira, panopa ndikanakhala ndikulemba zotani?

Anachotsa mpweyawo pamakina, anasintha mapaipi, tinadikira mpaka dzuwa litakwera. Anandionetsa mankhwala oyera ngati mkaka amene amubaye mumtsempha. Anati amenewa sakhudza minofu mwanjira ija, ndipo sachedwa kutha m'thupi. Ndinafunsa katatu ngati adzuka. Kachitatu anangondigwira phewa.

Tsopano ali mkati. Sindikudziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Namwino wadutsa kawiri osandiyang'ana. Nanga bwanji ngati paipi imodzi aiwala kusintha? Nanga oyerawo nawonso akamukana? Munkandiseka kuti ndimalira maliro munthu asanadwale. Lero musandiseke, mungokhala naye mkatimo.

Amayi, atsegula chitseko.

Ndabwerera pabenchi kuti nditsirize. Atamutulutsa sindinayang'ane mkono, ndinayamba kumugwira pamphumi. Panali pozizira. Ndinamugwira pakhosi, m'khwapa, ponse pozizira. Patapita kanthawi anatsegula maso, kulankhula ngati woledzera, n'kufunsa ngati mango ake ndinatola. Kwa bambo aja ndinangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene. Alemba pakhadi la Tamara ndi zilembo zofiira, ndipo ati Petulo ndi adzukulu anu onse adziwe.

Ndaphwanya mawu anu, ndipo sindikupepesa. Munatiletsa kunena chifukwa chotikonda, ndikudziwa. Koma azakhali akalamba okha zaka zonsezi, ife tikuwalambalala ngakhale kumaliro. Ndikukulonjezani kuti mvula isanagwe ndikwera njinga kupita ku Chikomeni ndi nkhuku, Tamara kumbuyo, ndikagwade m'malo mwanu.

Ndimakukondani ndithu. Mupereke moni kwa achimwene Yohane, muwauze kuti apulumutsa Tamara, mwana wa mlongo wawo.

Ndine mwana wanu,
Esinati