Timatabwa ta Pakhonde la Amayi

Lolemba, 7 Okutobala

Pepala latsopano kuntchito. Masamba anayi, tiloweze pofika Lachinayi.

A Denholm, eni kampani yathu yoperekeza alendo, alikopera m'kabuku ka agogo awo, amene anali bwana m'boma la Angerezi muno m'Zanzibar. Munthu anakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi osaphunzira ngakhale kupereka moni, koma lero ndiye wotiuza mmene makolo athu ankakhalira.

Zovala nazonso zasintha. Nduwira yofiira kumutu, mpeni wokhota wa pulasitiki m'chiuno. Faki, mnzanga wa pantchito, wavala n'kudziyang'ana pagalasi, akuti akufanana ndi botolo la sobo. Ndaseka. Kenako ndavala zanga.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikunama pazitseko za anthu. Apa mfumu inkabisa golide, apa mdzakazi anadziponya pazenera chifukwa cha chikondi. Alendo amagwedeza mitu, ena amalemba. Tulo sizinandisowetsepo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tsamba lachitatu ndaliwerenga ndikumwa khofi. Khofiyo wazizira m'manja.

Poima pachisanu ndi chiwiri: kanjira ka ku Kiponda, nyumba ya chitseko chobiriwira, khonde la pamwamba lotchingidwa ndi timatabwa topingasa. Tizinena kuti mwini nyumba ankatsekeramo akazi ake anayi, ankaona dziko pa timipata, ndipo mpaka lero mumaoneka chithunzithunzi cha mkazi.

Nyumba yathu. Chithunzithunzicho ndi Amayi.

Timatabwato anakhoma ndi malemu Bambo mu 1987. Chifukwa chake akhwangwala. Ankaba nsomba m'mbale, ankaba mpaka sopo. Amayi amakhala pamenepo chigwereni pamasitepe chaka chatha, poti pamapita mphepo. Zaka makumi atatu akuphunzitsa masamu, khumi zomaliza ali mphunzitsi wamkulu. Theka la mzinda uno linaphunzira kugawa nambala kwa iwo, Bi Zuwena. Lero akhale mkaidi wa m'kabuku ka mzungu wakufa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ku ofesi ya a Denholm. Ndafotokoza mwaulemu: nyumbayo ndi yathu, timatabwa n'totchingira mbalame, mayiyo ndi wondibereka. Akondwa. Akuti ndiye zakhala bwino, palibe amene adzatithamangitse pakhomo. Afunsanso ngati Amayi angamaphimbe nkhope ndi nsalu yakuda pa ola limene timadutsa.

Ndati za akhwangwala ndizo zoona, bwanji osanena zimenezo. Yankho lawo: "Abeid, palibe amene amakwera ndege maola khumi kudzamva za akhwangwala." Akutinso agogo awo analemba za makonde oterewa, ndipo anali munthu wosanama.

Pomaliza ati amene sakulifuna pepalali asiye nduwira patebulo, anyamata odziwa Chingerezi ndi Chitaliyana angoti mbwee kugombe la Forodhani.

Mankhwala a Amayi atha sabata yamawa. Mwana wanga Rukia akulemba mayeso chaka chino. Nduwira ndatuluka nayo.

Lachinayi, 10 Okutobala

Gulu laling'ono, Ajeremani anayi. Ndawadutsitsa kwina, ndati kanjira kaja akukumba mipope. Bodza lina pofuna kuzemba bodza.

Faki wandichenjeza: Loweruka kubwera gulu lalikulu la m'sitima ya pamadzi, a Denholm adzatsagana nafe kudzamvetsera. Akuti ndidzangonena mofulumira, motsitsa mawu, Amayi ali pamwamba sadzamva. Waiwala kuti Amayiwo anamukwapulapo kawiri chifukwa chonong'ona kumbuyo kwa kalasi.

Madzulo ndawapaka mafuta m'miyendo. Andifunsa chimene chikundidya. Ndati mutu. Ati mutu wa munthu wozenga chinsalu chofiira padzuwa uyenera kuwawa. Ndiye kuti anandiona. Amaona zonse pa timipata tija. Pamenepo pokha pepala silinaname.

Loweruka, 12 Okutobala

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

Anthu khumi ndi asanu ndi atatu, zipewa, makamera. A Denholm kumbuyo, manja m'thumba. Taima pachitseko chathu chenicheni, kiyi wake ali m'thumba langa.

Ndayamba. Ndanena za mwini nyumba wolemera. Ndanena za akazi anayi. Nditafika pa kutsekera, makamera onse aloza m'mwamba. Kenako mawu a Amayi, aja a m'kalasi, m'Chingerezi chowongoka kuposa changa: "Pitiriza, Abeid. Ndikufuna ndimve kuti ndine mkazi wachingati."

Nduwira kaya ndavula ndekha kaya yagwa, sindikudziwa. Ndangoipeza m'manja.

Ndawauza zonse. Chaka, misomali, sopo, masamu. Ndawauzanso kuti akhwangwalawo si akuno, anawabweretsa ndi akuluakulu a boma la Angerezi kuchokera ku India kuti azidya zinyalala. Eni ake anapita, mbalame zinatsala. Ndati amene akufuna kujambula chimene chinatchingitsa khonde la mayi anga ajambule padenga.

Palibe wajambula. Mayi wina wachikulire wandigwira mkono, maso odzaza chifundo, akuti akumvetsa, n'kovuta kulankhula poyera zinthu zimenezi achibale akumva. Pamenepo ndiye pandiwawa koposa. Wakhulupirira wakufa wa kwawo, osati ine wamoyo, nditaima pakhomo panga.

A Denholm sanakalipe. Angotambasula dzanja. Ndawapatsa nduwira, ndi mpeni womwe.

Lamlungu, 13 Okutobala

Amayi sakundilankhula. Si chifukwa cha ntchito. Tsiku lonse funso limodzi lokha, titatha kudya: nyumba za eni zija, zaka zonsezi, munalibe amayi a anthu?

Ndatola mbale, ndakatsuka.

Lachitatu, 16 Okutobala

Makampani atatu m'masiku atatu. Onse anamva kale. Kwina andiuza kuti ndine wovuta, kwina afunsa ngati ndili ndi nduwira yangayanga. Ndabwerako ndi nsomba zotsala za kumsika wa Darajani.

Ndatenga hamala kuti ndizule timatabwa tonse, bodza lisowe poima. Amayi andiletsa. "Bambo ako anakhoma ndi manja awo. Ndigwetse khonde langa chifukwa mlendo walota?" Hamala ndabweza m'bokosi. Koma alankhula nane, chimenecho ndi china.

Faki wabwera, waima panja, osalowa. Njira yanga ampatsa iye kuyambira mawa. Ana anayi, apongozi odwala. Wakweza nkhope kukhonde, wapepesa, akuti aphunzitsi amukhululukire. Amuyankha kuti mawa adzanene mokweza, asamameze mawu ngati kale. Kenako amufunsa ola limene adzadutse. Iye wanena. Faki sanakhalepo wochenjera.

Lachinayi, 17 Okutobala

Tsopano tilipo awiri kuseri kwa timatabwa. Akazi a mwini nyumba: mphunzitsi wopuma, ndi bambo wandevu wosowa ntchito.

Matumbo a nsomba za dzulo Amayi andiletsa kutaya. Ali m'beseni pamiyendo pawo, fungo lake losaneneka. Andiuza nditsegule kazenera kamene Bambo anasiya pakati, koponyera kiyi. Padenga la aneba akhwangwala asonkhana kale, makumi awiri kaya kuposa, mitu yopendeka, akudikira.

Ndati Amayi, anthu adzati chiyani. Sanandiyang'ane n'komwe. "Mbalamezi n'zakwawo. Apatsane moni."

Mawu a Faki pansipa, okweza monga anamuuzira. Wadutsa mwini nyumba wolemera. Wafika pa akazi anayi. Amayi akweza beseni, akuti ndigwire mbali iyi, ndisiye zolem—