Tinawamangira Nyumba, Koma Akugona M'chigafa

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Dzoole, mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo kumpingo kwathu ndimatsogolera amayi a Chigwirizano. Ndakulemberani chifukwa ndatumidwa uthenga umene pakamwa panga pakukana kuunena.

M'mwezi wa Juni, nthawi ya chisanu chija chimatsika m'mapiri ngati tinachilakwira, nyumba ya anansi athu inapsa. Mayina ndasintha: bambo ndiwatchule a Gideoni, mayi a Monika. A Gideoni ankadwala malungo, ali chigonere. M'nyumbamo munali fodya wosankhasankha kale, akungodikira ulendo wa ku okushoni, komanso chigubu cha petulo wa njinga yawo yamoto. Mukudziwa mmene akuba amavutira nyengo ya fodya.

Linali Lachinayi masana, tsiku la Chigwirizano, ndipo ndinadzera kwawo kukawatenga a Monika. Ndinamva ndi makutu angawa a Gideoni akuyankhula ali m'bulangete: "Amake Kristina, ndisiyireni mbaula pafupi, mutseke kunjako ndi loko. Sindikufuna kumangodzukadzuka." Mayiwo anatseka, kiyi n'kumumangirira kunsonga ya chitenje, ife ulendo.

Tili mkati moyimba, wina anakuwa kuti utsi! Pomafika, moto unali utagwira kale fodya. Anthu anathamanga ndi zidebe, koma madzi atafika pamene panali petulo, moto unangoyenda nawo pansi. Loko anali atatentha, kiyi anakana kuzungulira. M'mawindo munali zitsulo zotchingira akuba. A Gideoni tinawaona pawindo, Aphungu. Tinawaona. A Monika anagwira zitsulozo ndi manja awiri kufuna kuzizula, mpaka tinachita kuwakoka. Pamene abambo ankamaliza kugumula khoma ndi mapiki, n'kuti zitatha kale. Za galimoto yozimitsa moto musafunse, kuno timangoiona m'mabuku a ana asukulu. Manja a mayiwo, amene anapsa ndi zitsulo zija, tinawapaka mazira aawisi, poti ndi zomwe timadziwa, ndipo kuchipatala anatikalipira nazo. Mwana wawo Kristina, amene amaphunzira pasukulu yathu, anapulumuka chifukwa anali asanabwere kunyumba.

Maliro atatha, ndinaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti mvula isawapeze amasiyewa ali panja. Kunena zoona anthu anagwira ntchito. Achinyamata anaumba njerwa, abambo anamanga, amayife tinatunga madzi mpaka makosi kuuma. Tinamanga pamaziko akale omwewo, poti anali akadali olimba. A Obed, amene amawotcherera zitsulo pamsika, anabwera ndi mphatso yawo: zitsulo za m'mawindo zonenepa kuposa zoyamba zija, ndi chitseko chachitsulo. Anati, "Mayi wamasiyeyu akuba asamusowetse mtendere." Tonse tinawomba m'manja. Nthawi yonseyi a Monika anali kuchipatala, kenako kwa mchemwali wawo ku Madisi. Palibe anapita kukawafunsa. Tinkati tiwadzidzimutse ndi zabwino.

Tinawadzidzimutsadi. Tsiku lowapatsa nyumba tinavala yunifolomu, tinayimba, nthungululu zili m'mwamba, ine n'kuwapatsa makiyi pambale yovundikira ndi nsalu ngati keke ya paukwati. Atavundukula anayang'ana makiyi, anayang'ana mawindo, nati, "Mwandimangiranso yomwe ija?" Mbaleyo anaiika pansi mwaulemu, n'kutembenuka kulunjika kuchigafa cha malemu, chija ankayanikamo fodya: denga la udzu pamitengo basi, chopanda khoma, chopanda chitseko. Kuyambira tsiku limenelo akugona mmenemo ndi mwana. M'nyumba yatsopano mwalowa akangaude.

Nditapita kukawanyengerera anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, muno moto ukabwera ndithawira mbali iliyonse."

Tsopano anthu akwiya. Akuti ndi osayamika. Ena afika pomanong'onezana kuti chikuwavuta ndi chikumbumtima, poti amene anatseka loko ndi iwo. Amayi agwirizana kuti ufa ndi ndiwo zimene tinkasinthana kuwapititsira ziyambe zaima mpaka atalowa m'nyumba, ndipo wotumidwa kukanena ndine. Komatu manja awo sanapole bwino, zala zayamba kupindika, khasu sangagwire. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Ntchisi. Makiyi aja ali m'chikwama changa pamodzi ndi choko, ndipo akamalira ndikuyenda, mtima umandiwawa. Ndikanangokwera minibasi kukawafunsa, zonsezi sizikanachitika. Ndikanene uthengawu, mwina angaope njala n'kulowa? Kapena nditani?

R.C., Dzoole.

Mayi R.C.,

Pepani ndi zovutazi, pepani kwambiri. Koma uthengawo musakanene. Ubwezeni kumene munautenga, usanafike ndi pachipata pomwe.

Ndakhala ndikumva za anthu ophera mlendo tambala asanamufunse ngati amadya nkhuku. Inu mwawaposa, mwachita kumanga nyumba yathunthu. Ndipo inu aphunzitsi! Tsiku lonse mumakhalira kufunsa ana a eni mafunso, ena ovuta ngati likulu la dziko limene simunapiteko, koma kafunso kamodzi kakuti "Mayi, mukufuna chiyani?" kanakusowani. Sindikukusekani. Chabwino, ndikukusekani pang'ono, chifukwa ndaona kuti mwadzilanga kale mokwanira. Mtima wanu unali wabwino, wa a Obed chimodzimodzi. Inu munkaona akuba. A Monika akayang'ana zitsulozo amaona nkhope ya amuna awo. Si mwano umenewo, si kusayamika. Munthu amene anaona zimene anaonazo thupi lake limakana lokha, ngakhale mwiniwake atafuna kukusangalatsani.

Yambani ndi kupita kuchigafako. Pitani nokha, opanda yunifolomu, opanda nyimbo, makiyi musiye kunyumba. Mukakhale pansi n'kunena kuti, "Tinalakwa, sitinakufunseni." Musawonjezere "koma". Mukatero mufunse chimene akufuna, kenako mutseke pakamwa. Ndikudziwa kuti kwa mphunzitsi chimenechi ndi chilango, koma pirirani.

Muli ndi chinthu china chimene mwachilemba m'kalata yanu ngati chongodutsa, pamene ndicho chachikulu. Inu munamva a Gideoni akupempha okha kuti atsekeredwe. Kodi a Monika munawauzapo kuti munamva? Nanga onong'ona aja? Mayi ameneyu akusenza loko uja yekha pamutu, mboni ili phee ndi chikwama chake. Kawauzeni maso ndi maso kuti, "Ndinalipo, anakutumani ndi iwo, ndipo munachita chimene aliyense wa ife akanachita." Lachinayi likubwerali mukabwereze mawu omwewo pamaso pa amayi onse. Muwafunsenso kuti amene sanatsekerepo mwana kapena wodwala m'nyumba popita kuchigayo aimike mkono. Muona mikono ikuchita manyazi.

Pomwepo muwauze kuti ufa si chingwe chokokera munthu. Mukaimitsa chakudya, woyamba kumva njala ndi Kristina, amene sanakane nyumba ya munthu. Ena akunenani, ena akuti mwawagulitsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Munaimirira nokha m'tchalitchi muja, imiriraninso.

Za mvula musadikire kuti mayiwo asinthe maganizo, mvula siidikira zimenezo. Konzani pamene ali. Achinyamata aja afolerenso chigafa, akumbe ngalande kuzungulira, akweze pansi pogona. Mbali yochokera mphepo mutchinge ndi mphasa kapena bango, ngati eni ake avomera, kwina kukhale kotsekula. Apezereni neti ya udzudzu. Ndipo poti mayi ndi mtsikana sangamagone okha pamtetete, amayi muzisinthana kukagona nawo. Pamaliro mumatha kugona pamphasa osadandaula msana. Amoyo nawonso amayenera ulemu womwewo.

Nyumbayo musaiwerengere kuti yatayika. A Obed mukawaonere panokha, mwaulemu, chifukwa nawonso zawapweteka. Amene anadziwa kuwotcherera adziwanso kudula. Akhoza kuchotsa zitsulozo, kapena kuzikonza kuti zizitsekuka kuchokera m'kati, n'kuika chitseko chamatabwa. Koma musakhudze kalikonse a Monika asananene, mungabwerezenso kudzidzimutsa kuja. Ndipo konzekerani kumva kuti safuna kugonanso pamaziko amenewo, ngakhale mutachotsa makoma onse. Zikatero, lipezeke banja lina losinthana nalo nyumba. Njerwa zanu sizidziwa amene akugona m'kati.

Manjawo ndiwo akundidetsa nkhawa. Zala za munthu wopsa zikayamba kupindika sizidikira kuti mumalize kukangana. Apititseni kuchipatala sabata ino, mukafunse za anthu amene amaphunzitsa kuwongola ziwalo. Muli komweko mufunsenso ngati alipo wocheza ndi anthu amene aona zoopsa, pakuti chilonda china sichioneka pakhungu. Ku Boma kulinso ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kafotokozeni nkhaniyi, musachite manyazi. Kristina muli naye pafupi kusukulu. Akamasinza m'kalasi kapena kudzidzimuka ndi utsi wa zinyalala, musamukalipire, ndipo anzanu aphunzitsi muwatsine khutu. Munda nawo usagone. Manja amene anaumba njerwa angathenso kupanga mizere, ndipo thandizo limenelo sindikukhulupirira kuti angalikane. Komabe funsani.

Chenjezo langa likupita kwa inu ndi onse owerenga. Munthu ali m'kati musamutsekere kunja, kaya ndi wodwala, kaya ndi mwana, kaya wapempha yekha. Petulo asagone nyumba imodzi ndi mbaula. Moto wa petulo umafuna mchenga kapena dothi, madzi amangoupatsa miyendo. Munthu akapsa muthireni madzi ozizira oyera kwa nthawi yaitali, muthamange naye kuchipatala. Mazira ndi a m'poto. Ndipo lero lomwe yang'anani mawindo a nyumba yanu, mudzifunse kuti mungatulukire pati.

Pomaliza, mayi, tsiku limene a Monika adzalowe m'nyumba, kaya iyo kaya ina, musadzaitane Chigwirizano, musadzabwere ndi mbale yovundikira. Mudzangowanyamulira mphasa, n'kusiya chitseko chili chotsekula.

Aphungu.