Zikhomo za ku Kalubwe

Lolemba, 22 Ogasiti 1983

Mphepo tsiku lonse. Fumbi m'maso, m'tsitsi, ngakhale mu inki. Basi ya ku Kabwata yodzaza, ndayenda wapansi mpaka m'tauni.

Ba Kapembwa, mkulu wathu pa ofesi yojambula mapu, andiitana ndisanakhale n'komwe pansi. Atseka chitseko. Patebulo mapu akale a nkhalango ya Kalubwe, ija ili kupitirira Woodlands. Akuti ndijambule atsopano, nkhalango yonse ndiidule mapuloti makumi asanu ndi limodzi. Ikufufutidwa m'buku la nkhalango zotetezedwa. Andipatsanso pepala la mayina a odzalandira mapulotiwo, lolembedwa ndi pensulo. Akuluakulu okhaokha a ku Kabulonga. Ena alembetsa akazi awo, ena ana amene akadali ku pulayimale.

Ndafunsa za mtsinje umene umayambira m'nkhalangomo. Yankho: "Tryness, iwe jambula chabe. Vachokela kumwamba."

Kunyumba sindinanene kanthu. Atate anali pakhonde, akusoka nsapato yawo.

Lachitatu, 24 Ogasiti

Mapu akale aja ndakhala nawo masiku awiri. Midzi itatu, yonse yokhwatchidwa ndi inki yofiira. Pambali dzanja la mzungu: 1955. M'munsi mayina a alonda amene anaika miyala ya malire. Dzina lachiwiri: Ezekiel Mvula. Atate.

Nkhaniyi ndimaidziwa kuyambira ndili mwana. Boma la azungu linati Kalubwe ndi nkhalango ya boma, anthu atuluke. Atate anali mlonda wa nkhalango, mlendo wochokera ku Katete, yunifomu yakhaki. Mzungu anakhala m'galimoto. Amene anayatsa madenga ndi Atate ndi anzawo awiri. Sabisa. Koma amamaliza chimodzimodzi nthawi zonse: "Tinalakwira anthu, inde. Koma mitengo ilipo. Madzi amabadwira kumeneko."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu akutsamira mawu amenewo.

Mzere wanga woyamba wadutsa pakati pa mudzi wachiwiri. Ndaujambula mosavuta. Chimenechi n'chimene chandiopsa.

Lachisanu, 26 Ogasiti

Sopo kulibe m'masitolo. Mafuta ophikira akuti mwina Lolemba.

Masana ku ofesi kwabwera mayi wachikulire, mapazi mbuu ndi fumbi, wapansi kuchokera ku Bauleni. Amati ndi ba Lena. Pachipata amafuna kuwabweza, ine ndawalowetsa. Amva kwa owotcha malasha kuti boma likugawa Kalubwe, ndiye abwera kudzalembetsa. Anabadwira m'mudzi wachiwiri uja. Mwana wawo woyamba anaikidwa komweko, mwezi umodzi moto usanafike.

Akuti azungu atachoka anabwera kudzafunsa, anauzidwa adikire. Anabweranso, adikire. Chaka china anawatsekera masiku awiri chifukwa cha mtolo wa nkhuni umene anatola pamene panali munda wa amayi awo.

Andifunsa dzina. Nditati Mvula, andiyang'ana nthawi yaitali. "Wa Ezekiel? Wamutali uja wa chipsela pa chibwano? Ali moyo?" Ndati ali moyo. "Mukamuuze ati Lena afuna kubwelela. Ndiye adziwa njila."

Ndawapatsa madzi akumwa. Ndawauza komwe timakhala, sindikudziwa chifukwa chake. Zoti papepala palibe dzina lawo sindinanene.

Lachinayi, 1 Seputembala

Ndinayesa. Ndinasiya mbali zonse za mtsinje osadula, ndi kamalo ka manda ndinakazunguliza mzere. Ndinati mwina saona.

Aona. Ba Kapembwa sanakalipe. Angoloza ndi pensulo: apa, apa, ndi apa, bwereza. M'mbali mwa mtsinje ndiye mofunidwa kwambiri, akuti m'mabwino kuchitamo dimba ndi damu losambira.

Ba Mukuka, a mu ofesi mwathu amene anaphunzira za nkhalango, analemba masamba asanu ndi atatu kukana. Analemba kuti mitengo ikapita zitsime za m'Chelstone ndi m'midzi ya kumunsi ziphwa. Lero kalata yawafika. Awasamutsira kutali ku Luapula, anyamuke sabata yamawa. Mkazi wawo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Akulongedza mabuku anati: "Azungu anatenga nkhalango kwa anthu, kuti aisunge. Ife taitenga kwa boma kuti tiidye. Anthu aja sanabweleko olo kamodzi mu nkhani."

Ndinayang'ana kuchitseko asanamalize. Anandiona ndikuyang'ana.

Lachiwiri, 6 Seputembala

Ndafika kunyumba, ba Lena ali pampando wa Atate. Atate pansi, pasimenti, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Nkhope yowala. Sindinawaonepo chonchi kuchokera pamene Amayi anatisiya.

"Tryness, bwanji sunandiuze? Boma lathu likubwezera eni ake!"

Anali atayamba kale kuwerenga mabanja amene akuwakumbukira, ndani ali moyo, ndani akauzidwe. Akuti iwo adzatsogolera, adzasonyeza aliyense pamene panali nyumba yake.

Ndinaima ndi chikwama m'manja. Ndanena zonse. Mapuloti, pepala la pensulo, ana a ku pulayimale. Ndiponso kuti wojambula ndine.

Atate avula magalasi. "Mitengo?" Adula. "Mtsinje?" Puloti 12 mpaka 19.

Ba Lena anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Nenze kudziwa. Mtima chabe ndiye unaniyendetsa." Apempha chinthu chimodzi: akaone manda asanatseke ndi waya. Paokha sangapazindikire, papita nthawi.

Atate sanadye.

Loweruka, 10 Seputembala

Tinapita atatu. Basi mpaka Woodlands, kenako wapansi maola awiri. Atate ali ndi zaka 71, koma anatisiya m'mbuyo.

Poyamba nkhalango ili momwe ankainenera. Mitondo ndi miombo yatulutsa masamba atsopano, ofiira. Mthunzi wozizira, fungo la dothi. Kenako msewu watsopano wolimidwa ndi katapila, chimakina chogumula mitengo, wotakata ngati wa m'tauni. Zitsa. Utsi wa malasha uku ndi uku. M'mbali monse zikhomo zopaka utoto wofiira, chilichonse ndi nambala yake. Manambala anga.

Atate anapeza mwala wa malire umene anaika okha. Kuchokera pamenepo anayenda akuwerenga mapazi chamumtima. Anaima pa mango awiri akale. Pansi mapale, ndi mafuwa atatu akuda. Ba Lena anagwira limodzi. Manda anali kuseri, kamtumbira kakang'ono pansi pa msuku. Mikono iwiri kuchokera pamenepo, chikhomo 23.

Ba Lena sanalire. Anathyola nthambi, nasesa masamba, akulankhula Chisoli, chilankhulo cha kwawo, motsitsa mawu. Atate anavula chipewa, anaima patali. Sanayandikire.

Kunabwera amuna atatu ovala malaya a chipani, wina ndi chikwanje. Akuti tili pamalo a eni. Atate anati, "Eni ake ndi awa." Anatiseka. Anatiperekeza mpaka kumsewu ngati mbuzi zolowa m'munda.

Lachinayi, 15 Seputembala

M'mawa Atate anati akupita kuchipatala kukatenga mankhwala a miyendo. Ndinawapatsa khadi lawo.

Itakwana 3 koloko foni ku ofesi. Apolisi.

Anapita ku Kalubwe okha. Azula zikhomo kuyambira kumtsinje mpaka kumsewu, ndi manja, zoposa makumi anayi. Anaziunjika pamodzi ngati nkhuni, nakhala pambali pake kudikira. Sanathawe. Amuna a chipani aja ndiwo anayamba kuwapeza, apolisi asanafike. Mlomo wang'ambika, diso limodzi latsekeka, magalasi aphwanyika.

Ndawaona mphindi zisanu. Malaya a magazi. Zikhatho zasupuka. Anangoti, "Wabwera? Nyemba ndinasiya m'madzi, uziphike zisawonongeke."

Mlandu: kuwononga zizindikiro za boma. Koma wapolisi wina anandikokera pambali, akuti pepala lina likunena kuti nkhalambayi ndi yodana ndi chipani, yatumidwa. Mlandu wotero ulibe tsiku la kukhoti. Munthu amangokhala m'kati.

Lachisanu, 16 Seputembala

Ndagwada pamaso pa ba Kapembwa. Kugwada kwenikweni, maondo pansi.

Anandidzutsa, anachita manyazi. Si munthu woipa, ali ndi ana asanu ndi mmodzi. Akuti foni imodzi yokha ikhoza kuthetsa zonse, eni mapuloti safuna phokoso. Koma zikhomo zibwerere. Oyeza malo ataya masiku ambiri, ndipo palibe wodziwa mapuwo kuposa ine. Lolemba ndipite nawo. Ndikabwera ndisayine mapu omaliza.

Ndinafunsa ngati manda angatsale. Anayang'ana pawindo.

Ndavomera ndisanatuluke m'chipindamo.

Lamulungu, 18 Seputembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndawapititsira Atate phala ndi bulangete. Phala apolisi analandira, bulangete anakaniza.

Ba Lena anali panja pa polisi, atakhala pamwala, ndi mbatata zowotcha m'kansalu. Amva kwa owotcha malasha. Akhala pamenepo kuyambira m'mawa, sanawalole kulowa chifukwa si achibale. Anandipatsa mbatatazo. "Mumupatse. Sininamukhululukile, koma adye."

Za mawa sindinawauze.

Lolemba, 19 Seputembala

Ndapita. Ine mapu, iwo tepi ndi nyundo. Dzuwa loswa mtengo. Tabwezera zonse.

Pa 23 palibe msuku, palibe mango. Katapila anadutsa Lachisanu. Dothi lofiira, losalala. Ndinaloza, anakhoma.

Ndasayina 4 koloko itangopitirira.

Lachiwiri, 20 Seputembala

Atate atuluka. Ndabwera nawo pa takisi. Njira yonse maso pawindo.

Ndawatenthetsera madzi, ndawatsuka zikhatho ndi mchere. Sanadandaule. Ndikumanga dzanja lachiwiri anafunsa ngati zikhomo azibwezera. Ndati inde. Zonse? Zonse. Anafunsa amene anawasonyeza pokhoma.

Ndati ndine. Ndati panalibe njira ina, akanafera m'kati, ndilibe wina padziko pano koma iwo.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Dzanja sanalichotse m'manja mwanga.

"Ndikudziwa, mwanangu. Tsiku lija ndinkayatsa, iwe unali ndi miyezi itatu. Nanenso ndinati ndili ndi mwana."

Ananena mofatsa, ngati akundipepesa. Bola akanandimenya.

Ba Lena anatumiza mawu kuti abwera Lachisanu. Akufuna tipitenso atatu, akadzalepo kamtengo pamanda mvula isanayambe. Atate sakudziwa za katapila. Ba Lena sakudziwa. Ndiyambe ndi ndani, ndipo ndikati chiyani?